Mawu Amene Alamu Anandisenzetsa

Alamu anga, amuna a achemwali anga, sanauzepo munthu kuti "mwetulirani". Ankati amenewo ndi mawu a ojambula a m'misewu, oti kamera anangoitola. Iwo anali ndi situdiyo yawo pakona, pakati pa sitolo ya nsapato ndi kachipinda ka wokonza mawotchi, ndipo ine ndinagwira ntchito pakauntala pawo kuyambira ndili mtsikana mpaka imvi zitayamba kusuzumira. Ntchito yanga inali kulandira anthu, kuwapatsa chipeso ndi kagalasi, kudula zithunzi za pachiphaso n'kuziika m'timaenvulopu. Choncho zimene ndikunenazi si za m'maluwa ayi, ndinkaziona ndili ndi sizasi m'manja.

Munthu akalowa, alamu sankathamangira kamera. Ankamukhazika pakampando kutsogolo kwa katani yabuluu, iwo n'kuyamba kulimbana ndi nyali ngati yavuta, chonsecho nyaliyo inalibe vuto lililonse. Apo n'kuti akumuyang'ana munthuyo cham'mbali: mmene wakhalira, pamene waika manja, ngati nsapato wapukuta lero lokha kapena amapukuta masiku onse. Ankaponya timafunso topanda pake, ngati wabwera pa basi, ngati chithunzicho chikupita kutali. Kenako ankaima kuseri kwa kamera n'kulankhula chiganizo chimodzi chokha, motsitsa mawu, ndipo nkhope ya munthuyo inkatseguka yokha. Pomwepo kamera inkalira.

Ndimakumbukira mlonda wina wachikulire amene anali atachotsedwa ntchito, akufuna chithunzi chokafunsira ina. Anakhala pakampando paja atagwetsa mapewa, chipewa chili pamaondo. Alamu anati, "Bambo, inu pageti panu sipanadutsepo wakuba, ndikuonera kakhalidwe kanu." Mdala uja anawongoka, chibwano m'mwamba, ndipo pachithunzi anatuluka ngati mkulu wa asilikali. Mayi wina ankafuna chithunzi chotumizira mwana wake amene anapita kunja n'kusiya kuimba foni. Alamu anangomufunsa, "Mwana ameneyu mphumi anatengera inu eti? Akaona chithunzichi adziona yekha." Mayiyo anaseka misozi ili m'maso, ndipo chithunzi chake chinakhala pawindo pathu mpaka chinasuluka ndi dzuwa. Makanda okha ndi amene ankandisiyira ine kuti ndiwasangalatse ndi makiyi. Ankati khanda ndi kasitomala wopanda nzeru, sungakambe naye.

Anthu a m'dera lathu ankawakonda kwabasi. Ankati munthu ameneyu ali ndi umunthu, amamvetsa. Ena ankabwera osafuna chithunzi n'komwe, kungodzakhala pabenchi kuti atule nkhawa zawo, ndipo ankatuluka atapepukidwa. Koma chitseko chikangotsekeka nkhope ya alamu inkazima. Si kuti ankakwiya ayi, pankangokhala popanda kanthu. Akakhala ndi nthawi ankatsanzira amene watulukayo, kayendedwe, kalankhulidwe, mpaka kapukutidwe ka misozi, ndipo ankatsanzira molondola moti unkachita manyazi m'malo mwa mwini wake.

Tsiku lina kunabwera banja, mwamuna wamatama ndi mkazi wake wofatsa, kudzajambulitsa chithunzi chopachika pabalaza. Mwamunayo polowa anaponda chingwe cha nyali osapepesa, n'kuonjezeranso kuti katani yathu yakalamba. Alamu anaseka naye, mpaka kumuyamikira tayi. Powakonza kaimidwe anamugwira mayiyo paphewa n'kunena mwaulemu, "Mayi, mutembenukire mbali yomwe ija ya tsiku lija munabwera ndi achimwene anu. Inakukhalani."

Mayiyo anali asanapondepo mu situdiyo mwathu. "Ine? Mwandisokoneza ndi wina," anatero.

Alamu anapepesa msangamsanga, mochita kuonjeza, monga munthu amene waulula chinsinsi mwangozi.

"Achimwene ake ati?" anafunsa mwamuna uja. "Ameneyu alibe mlongo."

Chithunzi chinajambulidwa, koma anatuluka osayang'anana, ndipo ndinawamva akukangana mpaka kupitirira sitolo ya nsapato. Sanabwere kudzachitenga.

"Alamu, mayi uja analakwanji?" ndinafunsa.

"Palibe," anayankha akusenda nthochi. "Koma mwamuna wake ndi wansanje. Simunaone mmene anamuyang'anira wokonza mawotchi pamene anawapatsa moni? Munthu wotero suvutika naye, umangokhudza pamene pali chilonda." Nthochi yawo anaidya bwinobwino, khoko n'kukataya m'bini.

Za ubwana wawo musandifunse, chifukwa alamu anali ndi maubwana angapo. Kwa amayi achifundo anali mwana wamasiye woleredwa ndi mayi womupeza wankhanza. Kwa azibambo a mabizinesi anali mnyamata amene anayamba n'kugulitsa nyuzipepala pamsewu alibe nsapato. Kwa abusa anali mwana wa chidakwa wopulumuka ndi pemphero. Nkhani iliyonse ankaifotokoza mawu akunjenjemera pamalo oyenera. Alongo awo enieni atabwera kudzacheza ndinawafunsa kukhitchini, iwo n'kuseka kuseka kotopa. Anati bambo awo anali kalaliki wofatsa, mayi awo anamwalira ali nkhalamba, ndipo nsapato zinalipo. "Koma ameneyu ali wamng'ono ankayambanitsa anzake, kenako iye yemweyo n'kubwera kudzaleretsa ndewu, aphunzitsi n'kumamuyamikira. Ife tinangomuzolowera." Mayi amenewo sanadzabwerenso kudzacheza.

Achemwali anga anali mphunzitsi pamene anakumana nawo. Anali munthu waphokoso, woseka chikhakhali, wa anzake ambirimbiri. Alamu anapita kusukuluko kukajambula ana a kalasi yawo, ndipo anaona zimene ife apabanja sitinazione: kuti mayi wosekayu ankadziona wosakongola, ndipo ankafulumira kuseka kuti ena asayambe kumuseka. Anawajambula chithunzi chimodzi chimene mpaka lero ndikachiona ndimameza malovu. Achemwali ankati, "Munthu ameneyu amandidziwa kuposa mmene ndimadzidziwira ndekha." Ankanena monyadira, ndipo sankanama.

Vuto la banja limenelo linali losafotokozeka kwa anthu. Achemwali akadandaula kwa achibale, mafunso anali omwewo. Amakumenyani? Ayi. Amamwa? Ayi. Amagona kunja? Ayi. Ndiye chavuta n'chiyani? Ungafotokoze bwanji kuti mwamuna wako amadziwa tsiku limene wadzuka wosangalala, ndipo pofika masana amakhala atakulanda chisangalalocho ndi mawu aulemu okhaokha? "Diresi limeneli ndi labwino, Mayi, limabisa." Basi, n'kupitiriza kumwa tiyi wawo. Ntchito ya uphunzitsi anawasiyitsa popanda kuwaletsa. Ankangodwala mutu tsiku lililonse limene achemwali achedwa kusukulu, n'kumati, "Musadandaule za ine, ofunika ndi ana a eni ake." Anzawo a achemwali anatha mmodzimmodzi, chifukwa aliyense ankauzidwa, mwachisoni ndi momupempha kuti asakaulule, zimene mnzake akuti ananena za iye. Ine ndinatsala chifukwa ndinali wofunika pakauntala, komanso alamu ankakonda kukhala ndi munthu mmodzi woonera luso lawo.

Mwana wawo woyamba, wamwamuna, anamwalira asanayambe kuyenda. Wachiwiri, wamkazi, anakula, n'kuphunzira unamwino, n'kukapeza ntchito dala ku tauni yakutali. Ameneyo anawatulukira bambo ake msanga. Akamuimbira sayankha, amangowalembera uthenga pafoni. Anandiuza kuti, "Amayi aang'ono, ndikangomva mawu awo ndimapezeka ndapepesa, chonsecho sindikudziwa chimene ndalakwa."

Achemwali analongedzapo katundu kangapo. Ulendo woyamba alamu anagwada pakhomo n'kulira, misozi yeniyeni yonyowetsa shati. Ulendo wina anawathandiza kupinda zovala, akunena kuti nawonso akuona kuti mkazi wabwino chotere sakuyenera kukhala ndi munthu wachabechabe ngati iwo, mpaka achemwali ndi amene anayamba kuwatonthoza. Ulendo umene unandiwawa kwambiri alamu sanalankhule kanthu. Anangotsitsa pakhoma chithunzi cha malemu mwana uja, n'kukhala nacho pampando akuchipukuta ndi kansalu. Achemwali anaima ndi sutikesi pakhomo mpaka mkono unatopa, kenako anaibweza kuchipinda. M'mawa mwake alamu anafika ku situdiyo akuimba mluzu.

Ndinatopa, ndinene zoona. Ndinatopa kupita kukanyamula sutikesi imene madzulo ake ndithandizenso kumasula. Ndinatopa ndi achemwali omwe, ndipo panali nthawi imene ndinkawapsera mtima iwo kuposa amuna awo. Munthu wamkulu, wophunzira, kumangobwezedwa ndi mawu ngati mbuzi ya pachingwe! Koma nanenso pakauntala paja ndinalephera kangati kuchoka? Ndikati ndiyambe nkhani yosiya ntchito, alamu ankandiyambirira: "Mlamu, mwatopa, ndikukuonani. Pa anthu onsewa ndi inu nokha amene mumandimvetsa." Ine n'kubwerera ku sizasi yanga.

Zaka zinapita, mafoni okhala ndi kamera anabwera, aliyense n'kukhala wojambula. Chipinda chamdima chotsukiramo zithunzi tinachisandutsa mosungira makatoni. Kunatsala zithunzi za pachiphaso ndi maukwati apo ndi apo. Alamu anayamba kuweruka msanga, ndipo luso lonse limene kale linkagawidwa kwa makasitomala linkathera pa munthu mmodzi kunyumba. Achemwali anaonda. Anasiya kuseka, anasiya ngakhale kudandaula. Unkawapeza atangokhala pakhonde, manja ali pamiyendo, osachita kanthu.

Kenako makutu awo anayamba kufa. Poyamba tinkati ndi maganizo, chifukwa unkawaitana kawiri katatu asanacheuke, ndipo wailesi ankaikweza mpaka aneba kudandaula. Apa m'pamene ndinaona chinthu chimene ndinali ndisanachionepo, alamu atagwira njakata. Mawu awo onse amphamvu anali apansipansi, ofuna munthu awamve bwinobwino mpaka kumapeto. Mawu oterowo sakuwika. "Limabisa" ukamukuwa amangokhala chipongwe wamba, choti ngakhale mwana angachizindikire. Ankalankhula chiganizo chawo chosula bwino, achemwali n'kuti, "Ee?" Iwo kubwereza, achemwali, "Ee?" Pofika kachitatu mawuwo anali atatha ululu.

Chodabwitsa, miyezi imeneyo achemwali anayamba kuoneka bwino. Anadzala maluwa m'zitini, anasoka makatani atsopano a kukhitchini. Tsiku lina tikusenda mbatata anandigwira bondo n'kunena mokweza, "Iwe, usauze munthu, koma kusamva n'kokoma." Anaseka pang'ono, n'kuyang'ana kukhomo ngati alakwa.

Alamu sanalole kuti zipitirire. Anathamangathamanga, kuwatengera kuchipatala chachikulu kwa dokotala wa makutu, n'kubwerako ndi timakina tiwiri tating'ono tovala kuseri kwa khutu. Anthu anayamikira kuti amuna otere anatha kale masiku ano. Timabatire take ankasintha okha, ndipo m'mawa uliwonse asananyamuke ankawaveka okha timakinato n'kuyesa ngati tikugwira ntchito. "Mayi, mukundimva?" Achemwali ankayankha, "Ndikukumvani, Bambo." Maluwa aja anauma m'zitini momwemo.

Mwana wawo namwino uja ndi amene anadzutsanso nkhani yochoka. Anapeza nyumba ya zipinda ziwiri, n'kuika bedi m'chipinda chinacho. Anakonza galimoto ya hayala, ya dalaivala womudziwa, kuti ifike m'mawa alamu ali kuntchito. Ine ntchito yanga inali imodzi, kukhala pakauntala monga mwa masiku onse kuti alamu asakayike kanthu mpaka galimoto itanyamuka. Ndinavomera, koma chikhulupiriro ndinalibe.

"Mayi akowa ndawanyamulira sutikesi kuyambira iwe usanamere mano," ndinamuuza pafoni.

"Ulendo uno ananena okha, amayi aang'ono," anayankha. "Sindinawakakamize."

M'mawa umenewo kunabwera anyamata ofuna zithunzi za laisensi. Ndinadula, ndinaika mu envulopu, ndinaseka nthabwala zawo, ndipo ndinkaona ngati ndikuchita bwino. Atatuluka, alamu anabwera kudzatsamira kauntala.

"Mlamu, lero simunayang'ane wotchi ngakhale kamodzi."

"Ndiyang'aniranji wotchi?"

"Masiku onse mumaiyang'ana, mumafuna tiyi. Lero mukuiopa." Anamwetulira. "Ndi lero eti?"

Anazimitsa nyali, kuvala jekete, n'kutseka situdiyo mosafulumira, mpaka kupatsa moni wokonza mawotchi. Tinayenda msewu wonse iwo patsogolo ine pambuyo. Ndinayesa kuimba foni, koma achemwali foni saimva ikakhala m'chikwama. Mumtima ndinali nditayamba kale kumasula sutikesi.

Galimoto tinaipeza pakhomo, buti ili yotsegula, dalaivala akukankhiramo mtolo wa mabulangete. Achemwali anali pabalaza atavala nsapato zawo za paulendo, kachikwama kali m'khwapa. Atationa sanadzidzimuke. Alamu anaima pakhomo n'kuwayang'ana cham'mbali, ndipo ndinaona kuti akusaka pogwira. Mantha ankawadziwa, manyazi ankawadziwa, chisoni, nsanje, njala yofuna kuyamikiridwa, zonsezo ankaziwerenga pamphumi pa munthu. Koma pankhope ya achemwali tsiku limenelo panalibe chilichonse cha zimenezo. Panali kutopa kokha, ndipo kutopa alamu sankakudziwa, chifukwa iwo masewera awowa sanatope nawo n'kamodzi komwe.

"Mayi," anayamba motsitsa, "khalani pansi pang'ono, sindikuletsani."

Achemwali anakweza dzanja kuseri kwa khutu n'kuvula kamakina kamodzi. Anavulanso ka khutu linalo. Anayandikira amuna awo, n'kuika tonse tiwiri m'thumba la shati yawo, n'kumanga batani la thumbalo bwinobwino.

"Ndi tanu iti, Bambo," anatero mokweza, mmene amalankhulira anthu osadzimva okha. "Munagula ndinu."

Atatero anazolika maso pansi kuti asaone ngakhale milomo.

"Mayi!" alamu anakuwa. Mawu anatuluka oipa, osweka, ngati a munthu wina. Anakuwanso dzina la malemu mwana uja. Kaya achemwali anamva kaya sanamve, koma anali chiyang'anire pansi, akufunafuna makiyi a nyumba m'kachikwama. Atawapeza anawaika patebulo.

Ndiye alamu anasiya kukuwa. Ndinawaona akuganiza, ndipo sizinatenge nthawi. Anakhala pamkono wa mpando n'kutsitsanso mawu. Maso anali pa achemwali, koma thupi analitembenuzira pang'ono kwa ine.

"Ndikuuzeni chinthu chimene sindinauzepo munthu. Ine anthu ndimawaona bwino, koma sindiwamva. Munthu akamalira pamaso panga ndimadziwa chimene chamuliza, ndimadziwa choti ndinene kuti asiye kapena kuti alire kwambiri, koma muno," anagwira pachifuwa, "mumangokhala zii. Ndili mwana ndinkaganiza kuti aliyense ndi wotero, kuti tonse timangochita sewero. Tsiku limene mwana wathu anamwalira ndinadikira kuti chindipweteke. Ndinadikira, osabwera kanthu. Ndiye ndinayang'ana nkhope yanu, Mayi, n'kuchita zimene inkachita. Zaka zonsezi ndakhala ndikuonera kwa inu mmene munthu amakhalira. Mukapita ndizionera kwa ndani? Sindikuti ndimakukondani, mwina chikondicho sindichidziwa n'komwe. Koma ndikuopa, ndipo mantha amenewa ndi chinthu chokhacho chimene ndachimva ndekha, osaonera."

Dalaivala, amene analowa kudzatenga sutikesi yomaliza, anaima pakhomo atavula chipewa. Ine misozi inali itafika kale pachibwano. Ndinawadziwa alamu zaka zonse zija, ndinawaona akusula mawu otere kambirimbiri, komabe ndinalira, chifukwa ulendo uno zimene ananenazo zinali zoona. Ndinkadziwa kuti n'zoona, ndinaziona ndi maso anga pakauntala. Ndipo ndinkawadziwanso achemwali anga. Akanangomva zimenezo akanavula nsapato n'kukateleka madzi a tiyi. Anadikira moyo wawo wonse kuti amuna awo alankhule zoona kamodzi kokha, ndipo sakanatha kuchoka tsiku limene azilankhula.

Alamu anatembenukira kwa ine, maso ali ofiira. "Mlamu, inu mwamva. Mukawauze. Sindikupemphani china."

Apo m'pamene ndinazindikira chimene anatembenuzira thupi. Khutu la achemwali litatsekeka, anapeza langa.

Achemwali anandikoka mkono. "Tiye, undiperekeze." Ndinalowa m'galimoto ndilibe ngakhale mswachi. Alamu sanatitsatire panja. Pamene galimoto inkabwerera m'mbuyo ndinawaona pazenera ataima, dzanja lili pathumba la shati, akuyang'ana ine osati akazi awo.

Tinadutsa msika, malo okwerera basi, mpanda wa sukulu. Achemwali anakhala chowongoka, kachikwama kali pamiyendo. Titatuluka m'tauni anatembenuka.

"Amati chiyani?" anafunsa mokweza.

Dalaivala anandiyang'ana pagalasi. Nayenso anali atamva zonse, munthu wachifundo, ndipo maso ake ankandiuza kuti ndinene. Ine mawu aja anali pakhosi, onse, mwandondomeko yake, mpaka pamene alamu anapumira. Anali atawakonza bwino moti ngakhale ine wopanda luso ndikanawafikitsa osataya kanthu. Ndinaganiza kuti mwina ndilibe ufulu wobisa, poti mawuwo anali awo, banja linali lawo. Kenako ndinayang'ana khosi la achemwali mmene linaondera, kolala ya bulauzi ikuchita kulendewera.

Ndinayandikira khutu lawo n'kukuwa, "Amati musaiwale mankhwala anu!"

Achemwali anandiyang'ana nthawi yaitali. Misozi yanga anaiona, sindinaipukute n'komwe, ndipo achemwali si opusa. Anatsegula pakamwa ngati afunsenso, kenako anatseka.

"Ndatenga," anatero. "Ali m'chikwama."

Anatsamira chitseko cha galimoto, ndipo pasanapite nthawi anagona, tulo tolemera timene sindinawaonepo nato chikwatiwire. Dalaivala sanandilankhulenso ulendo wonse.

Ku situdiyo sindinabwererekonso. Ndimamva kuti alamu akadalipo, akujambulabe za pachiphaso, ndipo anthu a m'deralo amawamvera chisoni kuti mkazi amene anamugulira makutu anawathawa ku ukalamba. Ena amawapititsira chakudya. Kwa ine sanatumize uthenga uliwonse, akudziwa kuti palibe chifukwa chovutikira.

Achemwali ananenepako. Mwana wawo anawagulira timakina tina, amativala akafuna, ndipo tsiku lina ndinawamva akuseka ndi aneba mpaka kutsokomola. Koma nthawi zina tikakhala awiri tikusita zovala, amaimika simbi n'kundiyang'ana.

"Iwe, tsiku lija alamu ako anakhala pampando nthawi yaitali. Zonse zija anali mankhwala?"

Ine ndimati inde, anali mankhwala, n'kutenga malaya ena. Mawuwo ndikadali nawo, sanafufutike ngakhale limodzi. Alamu ndimawamvera chisoni, ndipo chisoni chimenecho ndimadana nacho, chifukwa sindidziwa ngati ndi changa kapena anachita kundiikamo. Ndatopa kuwasenza mawu amenewa, koma kwa achemwali sadzafika.